Fomu 4 yatha, nanga tsopano? Mafunso ndi mayankho pa uphungu wa ntchito ku Mulanje ndi Thyolo

Tsambali ndi la makolo, aphunzitsi a m'masekondale ndi achinyamata a m'maboma awiriwa. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabuka pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, makamaka zotsatira za MSCE zikangotuluka.

Kodi uphungu umene ana amalandira kusukulu ukuperewera pati?

Umasiya zambiri osanena. Tsiku la uphungu likafika, sukulu imaitana dokotala, loya, wakubanki, mwinanso msilikali. Uthenga wawo ndi umodzi: limbikirani, mupeze mapointi ochepa, mupite ku yunivesite. Uthengawo ndi wabwino, koma umathandiza ana owerengeka. Chaka chilichonse ana oposa 150,000 amalemba MSCE m'dziko muno, ndipo amene bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE limawasankhira ku mayunivesite a boma safika mmodzi pa khumi alionse. M'ma CDSS ena akumidzi chaka chimatha popanda ndi mmodzi yemwe wosankhidwa.

Otsalawo amatuluka pageti la sukulu atauzidwa za njira imodzi yokha, imene yawatsekekera. Za mmisiri wokonza mota ya fakitale, za woyang'anira thanki yoziziritsa mkaka, za pulambala wa mipope yochokera m'phiri, sanamvepo. Ndiye mnyamata amagula njinga ya kabaza, kapena amayamba kusonkha ndalama za pasipoti ya ku Joni, pamene fakitale imene utsi wake amauona ali pakhomo pawo ikuitanitsa mmisiri kuchokera ku Limbe.

Ndiye mukuti mwana asalakelake yunivesite?

Ayi ndithu. Amene mutu wake ukukoka apite, ndipo kuno tili ndi yunivesite ya MUST pa Ndata pafupi ndi Goliati, imene inatsegulidwa mu 2014. Kumeneko kuli maphunziro a uinjiniya, zanyengo ndi ena ogwirizana ndi mavuto a dera lino. Chofunika n'kudziwa malire ake msanga. Kuti mwana aganiziridwe n'komwe, afunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Kirediti ndi giredi 6 kapena yabwino kuposa pamenepo, chifukwa 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Koma kukwanitsa zimenezi si kusankhidwa. Pa maphunziro olimbiranidwa monga udokotala, malamulo ndi uinjiniya, ana a mapointi otsika kwambiri ndiwo amadzaza malo.

Mwana aliyense wa Fomu 3 akhale ndi njira ziwiri zolembedwa papepala, yoyamba ndi yachiwiri, ndipo yachiwiriyo ikhale yoti angaifotokoze: koleji yake ndi iti, imafuna maphunziro ati, amalembetsa mwezi uti.

Ntchito zimene zilipo kuno ndi ziti kwenikweni? Si kuthyola tiyi kokha?

Anthu akamva za esiteti amangoganiza za dengu kumsana ndi kapitawo ali ndi ndodo yoyezera. Imeneyo ndi ntchito ya anthu ambiri, yanyengo, imene imachuluka kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, mvula ikamagwa. Koma tsatirani tsambalo likachoka pasikelo.

Likafika kufakitale limayalidwa m'mabedi ofotetsera, momwe mafani akuluakulu amapemerera mpweya kwa maola 12 mpaka 18 kuti madzi achepe. Fani iliyonse ili ndi mota yake. Likatero limalowa m'makina odula ndi kupera, kenako limasiyidwa kuti lisinthe mtundu kuchoka kobiriwira kufika kofiirira, ndipo limapita m'choumitsira mpaka chinyezi chitsike kufika pa 3 pelesenti kapena pafupi pamenepo. Kutentha kwa choumitsiracho kumachokera ku boila imene imadya nkhuni za bulugamu. Pomaliza tiyi amasefedwa, kugawidwa magiredi, kulongedzedwa ndi kutumizidwa ku okishoni ya ku Limbe kapena kwa ogula akunja.

Tsamba lothyoledwa silidikira. Makina akaima theka la tsiku m'mwezi wa Januwale, tsamba limatentha lokha pamulu, limafiira, ndipo tiyi wake amatsika mtengo. N'chifukwa chake makampani monga Eastern Produce, Lujeri, Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makandi sangakhale opanda anthu awa: fitala wosintha maberingi, malamba ndi mashafuti; wamagetsi wodziwa mphamvu ya mafezi atatu; wowotcherera; woyendetsa boila; makaniko wa mathirakitala ndi majenereta a dizilo; kalaliki wa sikelo wodziwa kompyuta; ndi woyesa ubwino wa tiyi.

Pa wamagetsi tiimepo pang'ono. Achinyamata ambiri amene amati "ndimatha zamagetsi" amatanthauza kuika mababu ndi masoketi m'nyumba, pa mphamvu ya 230 V. Fakitale, chigayo ndi pampu yothirira zimayendera mafezi atatu, 400 V. Fezi imodzi ikaduka mota ili kuyenda, ziwiri zotsalazo zimakoka mphamvu yochuluka, mawaya a mkati amatentha, mota n'kupsa. Wodziwa kuika ndi kutchera overload relay (kachipangizo kozimitsa mota ikamakoka mphamvu yochuluka), kulumikiza sitata ya star-delta ndi kuwerenga chithunzi cha mawaya ndiye amene amasowa. Wodziwanso kukulunga mota yopsa sagona ndi njala, chifukwa zigayo zokha za pa Chitakale, Nkando, Luchenza ndi Bvumbwe zimamukwanira.

Alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a gulu la Sukambizi ku Mulanje ndi a gulu la Msuwadzi ku Thyolo, nawonso amafuna anthu osunga mabuku, oyang'anira nazale ndi alangizi. Pa Mimosa pali likulu la kafukufuku wa tiyi, Tea Research Foundation of Central Africa, ndipo pa Bvumbwe pali malo a boma ofufuzira zaulimi. Ndi ana angati a Fomu 4 amene anapondako?

Nanga kunja kwa tiyi?

Mkaka. Thyolo ndi limodzi mwa maboma oweta ng'ombe zamkaka kwambiri, ndipo alimi amapereka mkaka kumagulu awo osonkhanitsira. Mkaka umayesedwa ndi lactometer pofuna kuona ngati wathiridwa madzi, umayesedwanso ngati wayamba kusasa, ndipo uyenera kuzizira kufika 4°C msanga. Kompuresa ikafa kapena gasi akatha, mkaka wa mudzi wonse umakanidwa. Wophunzira zamafiriji ali ndi msika pamenepa, kuwonjezera mabutchala, magolosale ndi mafiriji a katemera m'zipatala. Pafunikanso odziwa kubereketsa ng'ombe ndi jakisoni komanso othandiza zaumoyo wa ziweto.

Madzi. Midzi yambiri ya m'munsi mwa phiri imamwa madzi oyenda okha m'mipope kuchokera kumtunda. Mipopeyo imaphulika pamene mphamvu ya madzi yachuluka chifukwa thanki yochepetsera mphamvuyo yalambalalidwa, kapena pamene aikapo paipi ya kalasi yochepa. Imatsekekanso ndi mchenga sefa ya poyambira ikang'ambika. Mijigo ya Afridev nayo imaima kawirikawiri chifukwa cha tizipangizo ting'onoting'ono totha, monga U-seal, bobini ndi mabushi, osati chifukwa chakuti madzi aphwa.

Magetsi a m'mitsinje ndi sola. Ku Bondo kuli makina a kampani ya MEGA opanga magetsi pa mtsinje wa Lichenya, ndipo pa Ruo palinso ena. Sola yafika m'nyumba zambiri, koma yambiri inaikidwa mwachisawawa. Batire yamtovu ikamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku, kapena ikalumikizidwa popanda chowongolera kuchaja, siikhalitsa.

Zomangamanga. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasiya milatho, misewu ndi nyumba zofunika kumangidwanso. Kuchokera mu 2018 ntchito zomanga za boma siziloledwa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha, choncho mmisiri wodziwa mabuloko a simenti ndi njerwa zotsindira pamakina ali patsogolo. Konkire ya 1:2:4 (muyeso wa simenti, mchenga ndi miyala) imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7. Amisiri ongophunzira poonera amadumpha zimenezi, ndipo silabu imang'aluka.

Phiri nalo lili ndi ntchito zake: operekeza alendo ku Sapitwa pa mamita 3,002, ophika m'malo ogona alendo, osamalira nazale za mkungudza. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Koma tisakokomeze. Alendo amabwera mwanyengo, makamaka m'chilimwe, ndipo ntchitoyi payokha siingadyetse banja chaka chonse.

Nkhani imeneyi iyambike mwana ali kalasi yanji?

Fomu 2, asanasankhe maphunziro a Fomu 3. Apa ndi pamene zitseko zambiri zimatsekeka mwakachetechete. Mwana amasiya Physics ndi Chemistry chifukwa anzake amuuza kuti n'zovuta ndipo zidzamuonongera mapointi. Patatha zaka ziwiri apeza kuti unamwino, zachipatala, zamagetsi ndi umakaniko zonse zikufunsa sayansi ndi Masamu. Mapointi 24 opanda Masamu amatsegula zitseko zochepa kuposa mapointi 30 okhala ndi kirediti ya Masamu, Chingerezi ndi sayansi imodzi.

Kumene sukulu ili ndi Technical Drawing, Metalwork, Woodwork, Agriculture kapena Computer Studies, musamuletse mwana kutenga poganiza kuti ndi maphunziro a ofooka. Wodziwa kuwerenga pulani amafika ku koleji ya luso atatsogola kale.

Mwana wanga wakhoza MSCE koma sanasankhidwe. Njira ya TEVETA imayenda bwanji?

TEVETA ndi bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a luso. Ndalama zake zina zimachokera kwa olemba anthu ntchito, amene amapereka 1 pelesenti ya malipiro a antchito awo. Ndiye kuti maesiteti a kuno amasonkha nawo, ndipo n'zomvetsa chisoni ana a kuno akamapanda kufunsira malowo.

Makoleji akuluakulu a boma a luso alipo asanu ndi awiri: Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Apafupi ndi Soche ku Limbe ndi Nasawa. Kuyambira 2015 boma linatsegulanso makoleji a m'madera, ndipo ku Thyolo kuli Milonga, ku Phalombe kuli Naminjiwa, ku Chiradzulu kuli Aida Chilembwe. Sukulu ya luso ya DAPP pa Mikolongwe nayo ili pafupi.

Zochita zake ndi izi. Yang'anirani chilengezo cha TEVETA m'nyuzipepala, pawailesi, pa tsamba lawo la intaneti, kapena funsani ku ofesi ya zantchito pa boma. Werengani zofunika pa luso lililonse, chifukwa sizifanana: zamagetsi ndi zamakina zimafunsa sayansi ndi Masamu kuposa utelala. Konzeranitu chiphaso cha unzika ndi makope a satifiketi kapena chikalata cha zotsatira. Lipirani ndalama yofunsira malo ku akaunti yolembedwa m'chilengezomo basi, ndipo sungani risiti. Munthu wokuuzani kuti mum'tumizire ndalama pafoni kuti "akulowetsereni dzina" ndi wakuba.

Maphunzirowo amayenda m'magawo, kuyambira Level 1 kukwera, ndipo amasinthanitsa nthawi ya m'kalasi ndi nthawi ya atachimenti kukampani. Ambiri amagwa pa atachimenti pomwepa. Malo akasowa amangokhala pakhomo, buku lolembamo ntchito zimene agwira lili lopanda kanthu, ndipo gawo lotsatira limachedwa. Yambani kufunsa malo miyezi iwiri kapena itatu nthawi isanakwane, ndi kalata ya kukoleji m'manja. Kumafakitale a tiyi nthawi yabwino ndi miyezi yozizira ndi yachilimwe, pamene tsamba lachepa ndipo makina amamasulidwa kuti akonzedwe. Wophunzira amaona mkati mwa makina nthawi imeneyo.

Bwanji ena anamaliza maphunziro a luso koma ali pakhomo?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo amene amalimbikitsa luso asamalithawe. Zifukwa zake zimaoneka.

Choyamba, aliyense amathamangira luso lomwelo. Pamsika uliwonse pali matelala m'khonde lililonse ndi akalipentala opanga mabedi ofanana, akulimbirana makasitomala omwewo, kwinaku kaunjika akutsitsa mitengo. Musanasankhe, yendani pamsika wanu ndi kope. Werengani amisiri a luso lililonse, kenako funsani eni zigayo, mabutchala ndi a komiti ya madzi kuti chikaonongeka amaitana ndani, ndipo amachokera kuti. Mukamva kuti "timadikira wa ku Limbe", mpata uli pamenepo.

Chachiwiri, kutuluka ndi pepala popanda zida. Wowotcherera amafunika makina owotcherera, girayinda, chipewa chotchinga maso, ma rodi a 2.5 mm ndi 3.2 mm, ndi malo okhala ndi magetsi odalirika. Makolo amasonkha fizi mpaka kumapeto osasiyako ya zida. Ndi bwino kugula chida chimodzi teremu iliyonse kusiyana n'kudikira ngongole ya boma imene mwina ichedwa. Achinyamata atatu a luso losiyana akhoza kubwereka malo amodzi ndi kugawana bilu ya magetsi.

Chachitatu, kusadziwa kuika mtengo. Mmisiri watsopano amawerengera zipangizo zokha, n'kuiwala thiransipoti, magetsi, kutha kwa zida ndi tsiku lake. Amalandira ya zipangizo, n'kudyako, ntchito n'kuima pakati. Mbiri ikaipa pamudzi siibwerera msanga. Ndalama ya zipangizo ikhale payokha, ndipo kasitomala aone malisiti.

Mnyamata wanga anaphunzira ntchito pagalaja, alibe pepala. Angatani?

Akayesedwe. Unduna wa zantchito uli ndi mayeso a trade test oyesa luso la amisiri. TEVETA nayo ili ndi njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu anaphunzira kunja kwa kalasi. Ofesi ya zantchito pa boma ingakuuzeni nthawi ndi malo.

Pepalalo lili ndi ntchito. Popanda ilo munthu amakhala sipanala boyi zaka khumi, akulandira za wothandizira pamene ntchito akugwira ya mmisiri. Esiteti, khonsolo ndi mabungwe salemba mmisiri wopanda umboni. Wamagetsi afunikanso chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, kuti ntchito yake ivomerezeke polumikiza nyumba ku ESCOM.

Tingadziwe bwanji kuti koleji si yachinyengo?

Funsani kalata ya kulembetsedwa kwake ndipo muione ndi maso. Ya luso ikhale yolembetsedwa ku TEVETA, ya madigiri ndi madipuloma ikhale yovomerezedwa ndi NCHE, ya unamwino ikhale yodziwika ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ya zachipatala ku Medical Council of Malawi. Funsaninso kuti mayeso ake amachokera ku bungwe liti. Kenako pemphani kuona wekishopu. Ngati ophunzira makumi anayi akugawana makina amodzi, kapena akuphunzira injini pabolodi, bwererani ndi ndalama zanu.

Kodi atsikana angalowe ntchito zimenezi?

Angalowe, ndipo zilengezo za TEVETA zimawalimbikitsa kufunsira. Chimene chimawabweza kawirikawiri si kulemera kwa sipanala. Ndi malo ogona osatetezeka pa nthawi ya atachimenti, ndi akuluakulu ena apantchito amene amafuna chibwenzi kuti asaine buku. Makolo akaone okha kumene mwana akagone, adziwane ndi womuyang'anira, ndipo mtsikanayo adziwe kwa kukadandaula kukoleji ndi ku ofesi ya zantchito. Musamukankhire ku utelala kapena zophikaphika chifukwa choti ndi wamkazi pamene Masamu ake ndi abwino.

Unamwino ndi uphunzitsi si ntchito zotsimikizika kodi?

Makoleji ake tili nawo pafupi: Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa, Holy Family ku Phalombe, ndipo a uphunzitsi ku Amalika, Phalombe ndi Chiradzulu. Zipatala ndi sukulu zikusowadi anthu. Koma kusowa kwa anthu ndi kulembedwa ntchito n'zosiyana, chifukwa wolemba wamkulu ndi boma, ndipo limalemba ndalama zikapezeka. Magulu a aphunzitsi ndi anamwino akhala akudikira chaka kapena kuposerapo atamaliza. Banja likonzekere nthawi yodikirayo lisanagulitse munda kuti lilipire fizi.

Amene amakonda ulimi aganizirenso madipuloma a yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku koleji yake ya NRC ku Lilongwe, monga a ulimi wothirira, mbewu zamasamba ndi zipatso, kapena ziweto. Dera limene nthochi zake zinatha ndi matenda a chisaka, ndipo likubzala makadamiya, nanazi ndi mapeyala pa minda yopanikizana, likufuna anthu odziwa kumezanitsa mitengo ndi kusamalira mbewu zopanda matenda. Nazale yabwino imatheka pa malo ochepa.

Kubwereza Fomu 4 n'kothandiza?

Kumathandiza ngati pali phunziro lodziwika limene latsekereza njira yodziwika, monga 7 ya Chingerezi kapena ya Masamu pamene zina zili bwino. Kubwereza kachitatu pofuna kuchotsa mapointi 34 kufika 30, popanda koleji imene mukuloza, n'kutaya fizi imene ikanagula zida.

Ndine mphunzitsi, ndapatsidwa udindo wa uphungu popanda maphunziro ake kapena ndalama. Ndiyambire pati?

Aphunzitsi, yambani ndi zimene zili pamtunda woyenda pansi. Teremu yoyamba, ana a Fomu 2 alembe malo onse a ntchito ozungulira sukulu: fakitale, chigayo, chipatala, malo osonkhanitsira mkaka, galaja, ofesi ya zaulimi, komiti ya madzi. Agawane awiriawiri, akafunse mafunso anayi okha: pano pamagwira anthu a luso lanji, anaphunzira kuti, ndi luso liti limene mumavutika kulipeza, ndipo mumafuna pepala lanji polemba munthu. Mayankho alembedwe pa pepala lalikulu, likhomedwe m'kalasi.

Teremu yachiwiri, lemberani kalata manijala wa fakitale yapafupi kudzera kwa ahedi, kupempha kuti ana akaone. Pemphani gulu laling'ono la ana 15 kapena 20, chifukwa fakitale siingalole khamu pafupi ndi malamba oyenda, ndipo nenani kuti mukufuna akalankhule ndi a ku wekishopu, osati kungoona tiyi akulongedzedwa. Pa tsiku la uphungu, pambali pa dokotala pakhale fitala, mayi wamagetsi ndi mlangizi wa ziweto, makamaka amene anaphunzira pa sukulu yomweyo. Auzeni anene zoona za malipiro, zaka za maphunziro ndi zovuta zake.

Teremu yachitatu ndi ya makolo. Ambiri a iwo anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndipo akamva mwana akutchula esiteti amaona ngati sukulu yapita pachabe. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, musaipeputse. Afotokozereni kusiyana kwa ganyu wanyengo ndi mmisiri wa pepala wolembedwa chaka chonse, amene luso lake angapite nalo ku fakitale ya shuga ku Nchalo kapena ku kampani iliyonse ya ku Blantyre.

Pomaliza sungani kope limodzi lolembamo miyezi imene NCHE, TEVETA, makoleji a zaumoyo ndi a uphunzitsi anatulutsa zilengezo chaka chatha, pamodzi ndi manambala a foni a makolo a ana a Fomu 4. Zilengezo zambiri zimatuluka ana atachoka kale pasukulu, ndipo wa ku Thekerani kapena ku Muloza amene alibe foni ya intaneti amamva tsiku lotsekera litadutsa. Chilengezo chikatuluka, tumizani uthenga kwa makolowo, ndipo kope lina likhomedwe pa bolodi la sukulu ndi ku tchalitchi kapena kumzikiti.